Lole Imene Sindinkafuna Kuti Ithe

Ndikukumbukira chilimwe chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, kwathu kufupi ndi Mkaika, pamene ine ndi atate tinkapanga lole. Sinali ya mawaya ngati za anzanga, iyayi. Atate anali okonza njinga, ndipo tsiku lina atapita ku Katete anapeza pa mulu wa salaula, katundu wakale wogulitsa pamsika, tigalimoto tiwiri tachitsulo, tija timabwera titasweka kale, ana a kunja atatopa nato. Kena kanali kavani kachikale kobiriwira, kopanda mawilo, kena kavaneti kofiira kophwanyika kumbuyo. Anadula mitu yake ndi sowo, nanena kuti mutu wa vaneti ukhala kutsogolo, wa vani tiulumikiza kumbuyo kwake kuti adalaivala azigonamo, ngati malole aja opita ku Mozambique.

Masiku omwewo m'nyumba mwathu munalibe mtendere. Atate anali mkamwini, kwawo kunali ku Vubwi, ndipo nyumba, munda, ngakhale ife ana, zonse zinali za kuchikazi. Ankhoswe anakhalapo pansi, akulu a mpingo anabwera kudzapemphera, koma banja linatha basi. Chimene chinalakwika sindinauzidwe mpaka lero. Ndinangomva amalume akunena kuseri kwa khola kuti chimanga chalowa kale m'nkhokwe, alamu awo aziona msewu.

Madzulo ake ndinapeza atate pansi pa mtengo wa mango akupala m'mbali mwa mutu wa vaneti uja kuti usandicheke.

"Atate, ati mukupita?"

Sanandiyang'ane. "Yotamu, ndingapite bwanji lole isanathe? Tagwira apa."

Mawu amenewo ndinawagwira ndi manja awiri. M'mutu mwanga nkhani inali yapafupi: lole ikapanda kutha, atate sapita. Ndiye ndinayamba kuvuta. Atapinda chitini cha mafuta ophikira kukhala thupi la lole, ndinati lafupika. Atadula mawilo ku patapata wakale, ndinati malole a ku Mozambique sayenda ndi mawilo ochepa chonchi. Atawonjezera, ndinafuna ngolo yokoka. Ngolo itatha ndinafuna tenti yophimbira katundu, kenako magalasi a m'mbali, kenako kamakwerero kokwerera adalaivala.

"Iwe ndiye bwana wovuta!" ankatero atate. "Ukanakhala ndi kampani, amakaniko onse akanathawa."

Koma ankapanga. Nthawi zina iwo omwe ankaiyang'ana lole ija ndi diso limodzi, n'kunena kuti mutu wapendama, n'kumasula zonse zimene tinamanga dzulo lake. Ine mumtima chimwemwe, ndikuti ndawapusitsa akuluwa. Mpaka pano ndikamva fungo la girisi ndi mphira wa chubu ndimaona zala zawo zakuda zija zikukulunga waya, ine nditatsamira pa bondo lawo. Chinthu chimodzi chokha chinali chisanaikidwe n'komwe: mawilo a kutsogolo. Ankati sipoko ya njinga yoyenera kukhala ekiselo yogwira mawilowo sinapezeke, ndipo lole inkangokhala chogwada, mphuno ili m'dothi.

Tinakoka choncho mpaka mitambo inayamba kusonkhana ndipo anthu anayamba kusosa m'minda. M'mawa wina amalume anafika ndi munthu wina wa kwawo kwa atate. Sanakalipe ayi, analankhula mwaulemu ndithu, ndipo ndi chimene chinandiopsa kwambiri.

"Alamu, tapirira. Mvula ili pafupi, munda uyenera kudziwa woulima. Mawa muzinyamuka."

Ndinathamanga kukatenga lole ija n'kuiika patsogolo pawo. "Amalume, taonani, sinathe! Atate anati sapita isanathe!"

Amalume anandisisita kumutu. "Udzamaliza wekha, mphwanga, ndiwe mwamuna." Ndinayang'ana amayi, iwo analowa m'nyumba. Ndinayang'ana atate, maso awo anali pansi. Kalanga ine! Pabwalo ponse panalibe munthu mmodzi amene lole yanga inkamukhudza. Ndinaima pomwepo nditainyamula, osadziwa koipititsa.

Kutacha, atate anamanga bulangete ndi bokosi lawo la zipangizo pa keliyala ya njinga. Ndizo zokha zimene anatenga. Kenako anandiitana, namasulanso bokosi lija. M'katimo munali mtolo wa masipoko, wodzaza dzanja. Anasolola imodzi osasankha n'komwe, anaidula ndi pulayazi, anaipinda, analowetsa mawilo. Ntchito yonseyo inatha msanga kuposa kusenda chinangwa. Anaika lole pansi n'kuikankha, ndipo inayenda mowongoka bwinobwino mpaka pakhomo.

"Sinathe, atate," ndinatero. "Ilibe nambala. Ilibe nyali zakumbuyo. Ilibe..."

"Yatha, mwana wanga. Inatha kalekale."

Anakwera njinga. Ndinawathamangira ndikulira mpaka pa mphambano, ndikutchula zinthu zina zimene lole inalibe, zina zongopeka. Anatembenuka kamodzi, nkhope itanyowa, nandikwezera dzanja kuti ndibwerere. Ndinabwerera. Ndikanatani? Anzanga anabwera kudzaona lole ya mitu iwiri, ankapempha kuti aikokeko, ine ndinangowasiyira. Zinandiwawa kwambiri, ndipo kwa nthawi yaitali ndinawakwiyira atate chifukwa choimaliza.

Lero ndine bambo, ndipo mkwiyo uja unatha. Ndikudziwa tsopano kuti pansi pa mango paja panalibe wopusitsa mnzake. Tinali anthu awiri ozengereza, wina mwana, wina mlendo m'mudzi wa eni, ndipo tonse tinalibe mawu pa nkhani imene inali yathu. Atate ankadziwa kuti chitini ndi waya sizingaimitse zimene ankhoswe agamula, koma tsiku lililonse limene amalume analolera, iwo analitenga n'kukhala nane. Ndipo sanafune kundisiyira chinthu chogwada choti ndizidikira nacho munthu amene sabweranso kudzakhala. Mphamvu zoletsa ulendo analibe. Anali ndi masiku ochepa aja basi, ndipo anandipatsa onse.