Mbale ya Anti Hana

Lolemba, pa 2 Malichi.

Ndadzuka ndi mtima wolemera lero, osadziwa chifukwa chake. Madzulo ano fungo la mabisiketi lochokera kunyumba ya pamwamba ndilo landikumbutsa kuti mawa ndi Purimu, chikondwerero cha Ayuda.

Ndikukumbukira zaka ziwiri zapitazo, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ine ndi amayi, omwe amagwira ntchito kuhotela, tinali titangosamukira kuno ku Al Muntazah, dera la mumzinda wina m'dziko la Aluya. Pamwamba pathu pamakhala Anti Hana, mphunzitsi wa piyano, mayi wachiyuda amene sakonda kukamba za chipembedzo chake. Nthawi imeneyo anali atathyoka mwendo pamasitepe.

Tsiku lina nditangofika kuchokera kusukulu anandiitana. Patebulo panali mbale yokutidwa ndi kansalu koyera. Atavundukula ndinaona mabisiketi a ngodya zitatu, okhala ndi jamu pakati, ndi malalanje awiri.

"Tadala, lero ndi chikondwerero chathu cha Purimu," anatero. "Myuda aliyense amayenera kutumiza chakudya kwa Myuda mnzake. Chikhale cha mitundu iwiri, choti munthu angodya, osaphikanso. Ndipo chifike lero lomwe, dzuwa lisanalowe. Ungandipitire kwa Leya?"

Mayi Leya ankakhala okha misewu inayi kuchokera kwathu, kuseri kwa sitolo ya mafoni. Anali Myuda yekhayo amene Anti Hana ankamudziwa m'dera lonseli. Ndinalandira mbaleyo ndi manja awiri, ndikunyadira kuti andikhulupirira.

Koma unali mwezi wa Ramazani. Amayi anali atandichenjeza kangapo kuti masana ndisadye kapena kumwa pamsewu, chifukwa kuno ndi mlandu, komanso n'kusalemekeza anzathu amene akusala. Nditafika pageti ndinaona msewu uli zii, malesitilanti onse ali otseka. Fungo la jamu linkatuluka m'kansalu kaja ngati likundineneza. Galimoto ya apolisi inadutsa pang'onopang'ono, ndipo miyendo yanga inabwerera yokha m'nyumba.

Ndinaika mbale ija pamwamba pa filiji n'kuyamba kulemba ntchito ya kusukulu. Mumtima ndinkati, kodi chakudya chimasintha kukoma chifukwa cha maola atatu? Ndinkadziona wochenjera, woti ndalemekeza aliyense. Mizikiti itaitana anthu kuti amasule kusala, ndinanyamula mbale n'kuthamanga.

Mayi Leya anatsegula chitseko msanga, ngati anali ataima pomwepo. Kumbuyo kwawo ndinaona tebulo loyalidwa nsalu, pali mbale imodzi yokha, ndi mpando umene anaukokera pafupi ndi zenera.

"Ndi Hana watumiza?" anafunsa. "Ndakhala pazenerapo kuyambira m'mawa. Ndimayesa wandiiwala."

Anasuzumira kunja, kumene kunali kutada kale. Anatenga bisiketi imodzi n'kundipatsa. Ndinaidya m'njira.

Amayi atabwera kuntchito ndinawafotokozera zonse. Anandiyang'ana chikwama chidakali paphewa.

"Iwe Tadala, ndinati usadye, sindinati usanyamule. Polisi yake iti yomanga mwana chifukwa cha malalanje? Tiye msanga ukapepese."

Tinawapeza Anti Hana atakhala, mwendo wa pulasitala uli pampando. Ndinagwada monga timachitira kwathu, n'kunena kuti mbale inafika dzuwa litalowa. Sanakweze mawu. Ndikanakonda akanandikalipira.

"Ndiye kuti chaka chino ndalephera," anatero. "Tsikuli silibwerera mpaka chaka chamawa. Dzuka, mwana wanga. Inenso ndinalakwa. Ndinakuuza lamulo, osakuuza chifukwa chake. Phwando la Purimu timadya masana. Timatumizirana chakudya kuti pasapezeke munthu wokhala patebulo yekha n'kumaganiza kuti palibe amene akumukumbukira."

Pomwepo ndinaonanso mpando uja wa pazenera, ndipo misozi inayamba kugwera pa yunifolomu yanga. Amayi anandipatsa kansalu kawo, n'kunena kuti kwathunso ndiwo za wodwala sizidikira mawa. Anti Hana anamwetulira pang'ono.

Tsopano ndikumvetsa kuti mphatso ili ndi nthawi yake. Mabisiketi amene ndinapereka madzulo anali omwewo, koma Mayi Leya anali atadya kale chakudya chawo okha, akuganiza kuti mnzawo wawataya. Zimenezo sindikanatha kuzibweza ndi liwiro langa lonse lija. Ndaphunziranso kuti munthu akakutuma, ndipo iwe wachita mantha, ndi bwino kubwerera n'kukanena. Anti Hana anali pamwamba pomwepa, masitepe khumi ndi awiri okha. Akanapeza njira ina.

Mwendo wawo unapola, ndipo chaka chatha anakapereka okha mbale yawo. Sanandisungire chakukhosi. Amandiphunzitsa piyano Loweruka lililonse, koma sananditumenso, ndipo ine ndakhala ndikuchita manyazi kufunsa.

Chaka chinonso Purimu yakumana ndi Ramazani. Mawa ndisanapite kusukulu ndikagogoda pakhomo pawo, ndikawapemphe kuti anditumenso. Akavomera, ndikangoweruka sindivula n'komwe yunifolomu. Ndinyamula mbaleyo dzuwa lili pamutu, nditaivundikira bwino ndi kansalu kake, kuti Mayi Leya akandione ndikubwera ali pazenera paja.