Lole ya Dona Ameliya

Mfuti zinayamba kulira tikuthyola tiyi. Linali Lachiwiri, mame asanaume. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi.

Esiteti inali kufupi ndi Milanje, ku Mozambiki. Mwini wake anali Dona Ameliya, Mpwitikizi wamasiye. Mwamuna wake atamwalira tinkayesa kuti mbalamatodya, thabwa limene ankatimenyera m'manja, ipuma. Iye anaipachika pakhonde kuti tiziiona. Ankavala zakuda tsiku lililonse. Mwa ife tonse ankadziwa dzina limodzi lokha, la achimwene anga a Fositino, amene ankamuyendetsera lole.

Utsi utabuka kufakitale tinataya madengu n'kuthamangira kunyumba yaikulu. Tinapeza Dona akukwezetsa katundu. Mpando wa malemu mwamuna wake. Makina osokera. Agalu awiri.

Achemwali anga a Rozina anali ndi pakati potopa. Achimwene anagwada pamiyala kupempha malo a munthu mmodzi. Dona anayang'ana mimbayo, kenako analoza makina aja.

"Manga bwino, angagwe."

Mfuti inali pamiyendo pa Dona. Achimwene analiza injini. Sanatiyang'ane.

Tinayenda wapansi masiku awiri, kudzera m'minda ya chinangwa, kupewa msewu. Pamudzi wina tinapeza mbuzi ili chimangire pamtengo, eni ake ali ngundangunda pabwalo. Achemwali ananditseka m'maso ndi dzanja. Dzanjalo linkatentha.

Anabereka m'mphepete mwa mtsinje wa Muloza. Mayi wina wosamudziwa anadula mchombo ndi bango long'amba. Ndinawoloka madzi akulekeza m'chifuwa, khanda nditalikweza pamwamba pa mutu. Achemwali anawanyamula abambo awiri.

Tsidya la Malawi anthu anatipatsa madzi ndi nthochi. Achemwali sanadye. Mawa lake tinawaika m'manda a mudzi umene sankaudziwa.

Ndinamva kuti Dona anakafika kwawo n'kufa ndi ukalamba, pabedi lake. Kuno ku Wigston, ku Mangalande, anzanga a kutchalitchi amandiuza kuti ndimukhululukire. Ndimangowamvera. Lole ija inali ndi malo.

Za achimwene sitinamvenso. Khanda lija ndi Mariya, nesi pachipatala china ku Leicester, ndipo ndi amene ndikukhala naye. Nkhaniyi amaidziwa yonse, komabe amanditchula kuti amayi.