Phulusa la Azakhali ndi Mizere Isanu ndi Umodzi

Lachiwiri lapitali ndinatsala pang'ono kulapitsa azakhali anga tchimo limene palibe akudziwa ngati analichita. Ndikulemba izi ndi mtima wosweka, ngakhale kudya ndikudya bwinobwino.

Azakhali, aNangondo, amalima mbatata ya kachewere ku Kaphuka. Mbewu ikakhala yaikulu amaidula pakati, n'kupaka phulusa pabala pake asanaikwirire, kuti isaole. Luso limeneli anaphunzitsa amayi onse a mumphakati mwawo, ndipo kumeneko, pa nkhani ya mbatata, ngakhale bambo mfumu amayamba afunsa iwo.

Mwana wawo Filomena, msuweni wanga, ali ku koleji ya zaulimi. Chaka chino anafuna kuyesa phulusalo pa ntchito ya kusukulu. Anapempha mizere isanu ndi umodzi m'dimba la mayi ake: itatu ya phulusa, itatu yopanda. Atakumba anayeza pa sikelo, kompyuta inawerengera, pepala linatuluka. Analisiya patebulo n'kupita kumsika ku Linthipe.

Apa ndi pamene ndinalowa ine.

Owerenga akale mukudziwa kuti koleji ndinaiona ndithu, zaka ziwiri zathunthu, mpaka phunziro la masamu a kafukufuku linandiperekeza pachipata mwaulemu. Komabe kwathu ndimatengedwa ngati munthu womva mapepala. Ndinavala magalasi, ndinatsokomola, n'kulengeza:

"Azakhali, sayansi yalankhula. Kusiyana sikunatsimikizike. Phulusa silichita kanthu."

Azakhali anayang'ana chidebe cha phulusa limene anasefa m'mawa womwewo, kenako mbewu yodula kale imene inkadikira pathumba.

"Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikunamiza amayi anzanga," anatero. "Lachinayi pa mphakati ndiimirira, ndiwauze ndekha."

Ananyamula chidebe kuti akataye kuseri kwa khola. Pakhomo anakumana ndi Filomena, matumba ali m'manja.

"Amayi, phulusa mukupita nalo kuti?"

"Asuweni akowa awerenga chipepala chako."

"Asuweni, mwawerenga kapena mwangoliopseza ndi magalasi?"

Ndinayankha kuti funsolo silinali laulemu. Iye anatula matumba.

"Amayi, mizere ya phulusa inaposa inzake pang'ono. Chimene ndinafunsa kompyuta ndi ichi: tiyerekeze kuti phulusa silichita kanthu, kodi kusiyana kotere kungangobwera kokha mwangozi? Yayankha kuti pa mizere yochepa chonchi kungabwere kawirikawiri. Basi. Sinanene kuti phulusa ndi lachabe. Yangoti sitinadziwebe."

Ndikukonza nkhope ya munthu amene ankadziwa kale zonsezi, azakhali anatsitsa chidebe.

"Unatenga mizere iti?"

"Ya kumunsi ija, pafupi ndi chulu."

"Ndiye ukanadziwa bwanji? Mzere wa pachulu umabereka ngakhale utabzalamo miyala. Wa kumapeto mfuko imaudya chaka ndi chaka. Mizere imasiyana yokha popanda woikhudza. Phulusa langa likanamveka bwanji m'phokoso lonselo?"

Abale anga, ndinakhala pansi. Mpando panalibe, ndinakhala pa dengu, ndipo dengulo silinapulumuke. Chimene aphunzitsi anayesa kundithira m'mutu zaka ziwiri, ndi choko, ndi zilembo zopindika ngati ndowe za mphaka, mayi wa sitandade sikisi anachinena ataimirira pakhomo, phulusa lili m'zikhadabo.

Ndipo sanathe.

"Nanga ukanakhala ndi mizere yoyambira pano mpaka ku Mphunzi?"

"Pamenepo ngakhale phulusa litawonjezera kambatata kamodzi pa thumba, pepala likanati kusiyana kwatsimikizika."

"Kamodzi? Ndiye kutsimikizika kwakoko sikunena kuti phindu ndi lalikulu."

"Sikunena."

"Kambatata kamodzi sindingakasefere phulusa mpaka kutsokomola."

Ndakhala ndikuganiza za mawu amenewa sabata yonse. Taonani kukula kwake kwa chinthu chimenechi. Penapake anthu anakhala pansi n'kupeza njira yoyezera ngozi yeniyeniyo, chinthu chopanda mutu ndi mchira, n'kumatha kunena kuti apa mwina ndi mwayi chabe, apa mwayi wokha sungafikepo kawirikawiri. Njira yake ndi yodzichepetsa kwambiri. Imalonjeza zochepa. Odzikuza ndife oiwerenga.

Kangati timamva pa wailesi kuti ofufuza apeza chakuti, ife n'kusintha kadyedwe tsiku lomwelo? Kangati timamva kuti sanapeze umboni, ife n'kumalalikira m'minibasi kuti chinthucho ndi bodza? Mbuzi ikasowa, mwayang'ana m'munda umodzi osaiona, kodi mumabwerera kukalengeza kuti mbuziyo sinabadwe? Koma pepala likakhala ndi manambala timalivulira chipewa, osafunsa kuti mizere inali ingati, kusiyanako n'kokula bwanji, chulu chinali mbali iti.

Lachinayi azakhali anaimiriradi pa mphakati. Ndinapita nawo, poti wochimwa ayenera kuona mapeto a ntchito yake.

"Amayi anzanga," anatero, "za phulusa zija mwina ndinakuuzani zoona, mwina ndinakunamizani. Inenso sindikudziwa. Amene akufuna kudziwa apereke mizere."

Manja anakwera, ena mokayika. Anagwirizana kuti m'dimba lililonse mizere ina ikhale ya phulusa, ina yopanda, ndipo achite maere posankha, kuti wina asakondere mzere wa pachulu. Za maerezo anaganiza okha. Filomena anangoti kukoleji amachitanso chimodzimodzi, koma ndi dzina lalitali.

Choncho lero lino, pamene ndikulemba, palibe pa dziko lonse la Kaphuka amene akudziwa ngati phulusa limathandiza. Azakhali akhoza kudzachita manyazi pa nthawi yokumba, ndipo akudziwa. Apita kukabzala akuimba.

Inenso andipatsa udindo wogwirizana ndi maphunziro anga. Ndimanyamula chidebe. Ndinafunsa modzichepetsa ngati pepala lotsatira ndidzaliwerenge ndine.

"Iwe udzangotibwereka magalasiwo," anatero azakhali.

Nanga inu, pepala lomaliza limene munalikhulupirira, munalifunsa kuti mizere inali ingati?