Chaka Chimene Tinatembenuza Khomo la Khitchini

Senderani kuno, ana inu, mumve bwino. Zaka zanga sindizidziwa, koma nthawiyo mano akutsogolo anali atangomera, ndipo ntchito yotola nkhuni kwathu, kufupi ndi pomwe Bua amathira m'nyanja, inali yanga.

Khitchini yathu inali yomata ndi dothi, khomo lake loyang'ana kunyanja. Bambo anaifuna choncho kuti amayi akamaphika aziona usipa pathandala, akhwangwala asabe. Koma mwera ukayamba, mphepo inkalowa pakhomopo ngati kwawo. Moto unkathawira kumbali, mphika osawira, utsi wonse m'maso mwa amayi, chifuwa osawaleka. Nawonso achimwene anga a Saidi ankasonkha moto wawo panja wootchera chinangwa. Mtolo wondithyola khosi lero, mawa phulusa lokhalokha.

Chaka china mwera unakana kuleka, nkhuni zapafupi zinatha. Bambo ananola nkhwangwa, akuti adule mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba. Amayi anadandaula kuti mtengowo ndiwo umatchinga dzuwa la masana, ukapita ndiye m'chilimwe nyumba idzasanduka ng'anjo. Bambo anati kuzizira kulipo lero, za chilimwe tidzaziona.

Ine ndinali nditakhalako kwa azakhali ku Nkhunga, kumene mtolo womwewo unkakhalitsa. Khitchini yawo inafulatira mphepo. Nditawauza amayi, anati ndikanene ndekha. Ndinagwada pafupi ndi bambo ndi kupempha kuti titseke khomolo, tiboole lina kumbuyo.

"Nanga nsomba zanga aziyang'ana ndani? Akhwangwala omwewo?" anaseka bambo.

"Tisiya kabowo konga mbale, bambo. Diso la amayi likwana, mphepo siikwana yonse."

Bambo analoza mtolo umene ndinabwera nawo, nati akupita kukapha nsomba ku Ngala masiku angapo, ndipo akabwerako n'kupeza watha, mtengo ugwa.

Tinagwira ntchito ine ndi amayi. Tinaboola khomo lina kumbuyo, tinaluka bango pakhomo lakale, tinaponda dothi la pachulu, tinamata mpaka ming'alu yonse ya m'khoma, n'kusiya mpata pansi pa denga wotulukira utsi. Zala zinasweka ndi kuzizira. A Saidi anauzidwa kuti chinangwa chawo aziotchera pamafuwa omwewo a m'khitchini, ndipo anandikwiyira, akuti kamwana kakufuna kulamula mudzi. Koma moto unaima chilili pansi pa mphika, ndipo amayi anaphika osapukuta misozi.

Bambo atabwera anapeza nkhuni zikadalipo. Anazigunda ndi phazi, nafunsa ngati sitinawonjezere mwakabisira. Amayi anangowaonetsa manja anga. Nkhwangwa ija anaipachika, ndipo kwa aliyense wodutsa ankati, "Bwerani muone khitchini ya Asiyatu wanga."

Pano ndimadziwa kuti nkhuni sizithera mumphika mokha. Zimathera m'khoma, m'mphepo ndi m'makhalidwe a eni nyumba. Adzukulu akamalira kuti makala sakukhalitsa m'nyumba zawo za malata, ndimayamba ndawafunsa kumene khomo layang'ana.

Bambo anakalamba akuluka maukonde pamthunzi wa mango aja. Amayi chifuwa chinawaleka, anaona zidzukulutudzi. A Saidi anakalowa ntchito yodula nzimbe ku Dwangwa, ndipo pomanga khitchini ya akazi awo anatuma uthenga kuti ndipite ndikawalozere poika khomo. Ndinapita, atandilipirira basi.