Waya Wodula pa Kathirakitala

Mkulu woyandikana nyumba ndi Marlene, kuno ku Ohio, ali ndi kathirakitala kamagetsi kakalekale kotchetchera kapinga. Amauza aliyense woima pampanda mawu omwewo: "Ukafooketsa maginito a m'mota, kamathamanga ndithu, koma mphamvu yokoka imachepa. Umasankha chimodzi."

Iye anasankha kale mphamvu yokoka. Mkazi wake atayamba kulephera kuyenda, mkuluyu anadula waya wofooketsa maginitowo, n'kumangirira kangolo kumbuyo, kuti azimuyendetsa pang'onopang'ono pakati pa mitengo ya maapozi osamugwedeza msana. Mayiyo anamwalira nyengo yachisanu yapitayi, koma wayayo akadali wodula.

Loweruka lina Marlene anatopa kumuona akukwawa ndi kapingayo dzuwa likuswa mtengo. Anapitako zida zili m'manja.

"Bambo inu, ngakhale ine wanyamakazi ndingakupitirenitu! Ndilumikize wayayu, mumalize msanga mukapume."

Mkuluyo anazimitsa mota, nacheukira kangolo kopanda munthu, katsamiro kali pomwepo.

"Ingomusiyani wayayo, mayi," anatero. "Ndikamaliza msanga ndiye kuti ndilowa m'nyumbamo. Nanga ndikalankhula ndi ndani?"