Manambala achinsinsi a pa chulu cha abusa

Nditasiya utolankhani ku Tete, ndinalembedwa ntchito pa kampani ina yogula chimanga, ndipo ananditumiza ku depoti ya ku Mualadzi. Popeza ndinkadziwa kutayipa, anandipatsanso komputadori.

Mapulogalamu onse a kampaniyo ankayenda m'zimene akatswiri amati makontena. Kontena ndi pulogalamu yotsekeredwa payokha pamodzi ndi zonse zimene imafuna, kuti iziyenda chimodzimodzi kulikonse. Inalipo ya sikelo, ya mbewu, ya malipiro a antchito. Aliyense ankaloledwa kugwira yake yokha. Yanga inali ya sikelo: ikauma n'kusiya kugwira ntchito, ndinkalowa n'kuyidzutsa. Lamulo lolowera linali limodzi ku Tete, ku Cassacatiza ndi kwathu. Ulembe senya yako, ndiwo mawu ako achinsinsi, kenako ulembe manambala amene akutumizira pa telefoni. Manambalawo sachedwa kufa. Wouza munthu wina manambalawo, ntchito yatha. Ndinasainira.

Olemba lamulolo anali asanapondepo ku Mualadzi. Komputadori inali ndi intaneti yakeyake, ya mbale ya padenga. Koma uthenga wa pa telefoni umafuna redi, ndiyo netiweki ya mafoni, ndipo redi ya kumbali kwathuko inkapezeka pamalo amodzi: pamwamba pa chulu, m'munda wa abusa a mpingo wa Ziyoni, kuseri kwa chigayo. Ndinayesa liwiro. Ndinayesa njinga. Pofika pa komputadori manambala amakhala atafa, ine ndili wefuwefu, alimi ali pamzere ndi ngolo zawo kundiyang'ana.

Tsiku lina abusa anandiimitsa ndili pakati pa chulu.

"Bambo, mukundithera maungu. Siyani telefoniyo kuno. Mulungu anandipatsa mawu, sindinagwirepo maikolofoni."

Zoona, akamalalikira ankamveka mpaka kutsidya kwa dambo. Tinapangana. M'mawa uliwonse pa nyengo yogula ndinkasiya telefoni kwa iwo. Sikelo ikauma ndinkalemba senya, n'kumenya chitsulo chimene chinkalendewera pamtengo wa mango. Abusa ankakwera chulu, kuwerenga, n'kukuwa. Amayi ogulitsa zitumbuwa pachigayo ankalandira manambalawo n'kuwaponya kwa alonda athu pageti, alonda n'kundifuulira pazenera. Pasanathe mlungu alimi anayamba kuvomereza onse pamodzi ngati m'tchalitchi. Sikelo sinagonenso. Ku likulu anatiyamikira.

Kenako kunabwera enjinyeira, katswiri wa kampani woona za chitetezo, osatidziwitsa. Anali mayi wachitsikana, wamagalasi, wolankhula pang'ono. Ankayendera madepoti onse kuona ngati lamulo likutsatidwa mofanana. Anayang'ana loko, anayang'ana pansi pa tebulo ngati ndinamatapo kapepala ka senya, sanapeze kanthu. Ndinayamba kupuma bwino. Pamenepo sikelo inauma.

"Idzutseni, ndione," anatero.

Ndinalemba senya pang'onopang'ono ngati wodwala nyamakazi.

"Telefoni yanu ili kuti?"

"Ili kumunda, mayi."

Panja alimi anaona kuti mzere sukuyenda. "Menyani chitsulo, tili ndi ulendo ife!" Mkulu wina wofuna kuthandiza anachimenya yekha. Kenako mawu a abusa anatsika kuchokera kuchulu, kutchula manambala m'Chipwitikizi.

"Seti! Kwatulu! Novi!"

"Seti! Kwatulu! Novi!" anatero amayi a zitumbuwa, alonda, ndi anthu onse pabwalo. Wina anawonjezera "Ameni".

Enjinyeira anavula magalasi. Ndinayesa kufotokoza kuti popanda senya manambalawo ndi mankhusu chabe, komanso akagwira ntchito kamodzi amafa. Zonsezo n'zoona. Anandiyankha kuti zimene ndinasainira n'zoonanso.

"Ndikukutsekerani pompano. Zotsala mukamva ku Tete."

Anakhala pampando wanga, n'kulemba senya yake. Iyeyo ankaloledwa kulowa m'makontena onse a kampani. Komputadori inamufunsa manambala. Anatulutsa telefoni, anaikweza m'mwamba, anapita nayo pazenera, anatuluka nayo panja.

"Kuchulu, mayi," anatero alonda mwaulemu.

Anapita wapansi, manambala anafa. Anabwereka njinga yanga. Anabwerera ali ndi chisoso mpaka m'mawondo, manambala atafanso. Dalaivala wake anati galimoto silingadutse pamizere. Dzuwa linali litapendeka, ndipo sikelo inali idakali chiumire, chifukwa manambala anga aja anafa tikukangana. Alimi anayamba kung'ung'udza. Ena anachokera kufupi ndi Nsadzo, ng'ombe zawo zinali zisanamwe.

Abusa anafika okha pageti, atavula chipewa.

"Mwana wanga, mukundithera maungu inunso. Bweretsani telefoniyo."

Enjinyeira anayang'ana alimi, anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana denga. Anapereka telefoni.

Sindinamvepo abusa akukuwa bwino ngati tsiku limenelo. Ankadziwa kuti awa ndi manambala a akuluakulu, choncho ankawakoka ngati nyimbo. Bwalo lonse linavomereza. Enjinyeira anawalemba mutu uli pansi, ndipo analowa. Dzina langa linali pamaso pake, pambali pake pali batani lotsekera. Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatsegula kontena ya sikelo, anaidzutsa yekha, ndipo panja anthu anaomba m'manja.

"Lipoti langa lidzanena kuti ku Mualadzi kuli vuto la redi," anatero akuchotsa chisoso pasiketi. "Inu munali mtolankhani. Mwaonapo chinanso?"

"Ndaona vuto la redi, mayi."

Mwezi wotsatira madepoti onse analandira kachipangizo kangati chotsegulira botolo, kotulutsa manambala popanda redi. Kalata yake inati cholinga n'chakuti chitetezo chikhale chofanana paliponse. Ine ndinakhalabe pa sikelo ya ku Mualadzi zokolola zina zingapo, mpaka ndinachoka ndekha.