Tamanda wandiopsa ku loji

Mwaswera bwanji abale.

Masanawa ndinakapereka usipa ku loji ina ku Senga Bay, mwana wanga Tamanda ali kumsana. Ndinapeza bambo wina akuliza piyano pakhonde. Inali nyimbo yogonekera mwana ija ankatiimbira amayi, koma bambowo amaipotoza, kuithamangitsa, kuiimitsa, kenako kuiyambanso. Akuti ndi jazi.

Mwadzidzidzi Tamanda anayamba kugwedezeka thupi lonse. Ndinati basi, linjirinjiri. Ndinataya beseni la usipa n'kuthamangira kabaza kuti tipite kuchipatala. Ndikufika pageti, mwana zii. Nditabwerera kukatola beseni, anayambiranso.

Bambo aja anaseka. "Mayi, mwanayu sakudwala, akuvina."

Panopa ndikamuimbira mmene ankaimbira amayi, akungondiyang'ana ngati ndalakwitsa, sakugona. Abale, ndipite nayebe kuchipatala, kapena ndiphunzire kupotozako?